Mwana Akatsekula M'mimba ndi Kusanza: Mavairasi Oyambitsa Matendawa ndi Zoyenera Kuchita Pakhomo

Kabuku kano talembera makolo, agogo, azakhali ndi aliyense wolera mwana wosakwana zaka zisanu. Palibe khomo limene silinaonepo matenda amene tikukamba. Mwana amayamba ndi kusanza, thupi nkutentha, ndipo pofika mawa lake thewera lililonse limene mwamuveka likungodzaza madzi. Ana ambiri amachira pakatha masiku ochepa. Ena amafika kuchipatala maso atalowa, atalefukiratu, ndipo ena mwa iwo sabwereranso kunyumba. Chimene chimasiyanitsa anawa kawirikawiri ndi madzi amene mwana wamwa kuyambira pamene matenda ayambira, komanso nthawi imene makolo anyamukira kupita kuchipatala.

Tizirombo toyambitsa matendawa

Kutsekula m'mimba kuli kwa mitundumitundu. Kolera, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko la Malawi pa mliri wa 2022 mpaka 2023, amayamba ndi mabakiteriya. Kamwazi, kamene kamabwera ndi magazi m'chimbudzi, nakonso nthawi zambiri nka mabakiteriya. Koma mwana wamng'ono akamatsekula zamadzimadzi kwinaku akusanza, kawirikawiri gwero lake limakhala mavairasi.

Vairasi ndi kachirombo kakang'ono kwambiri kuposa bakiteriya, koti ngakhale makina oonera tizirombo ta malungo ku labotale sangakaonetse. Pakokha sikatha kuswana. Kamalowa m'kati mwa maselo a thupi la munthu nkumaswanirana mmenemo. Nchifukwa chake mankhwala opha mabakiteriya, monga Bactrim, Flagyl ndi amoxicillin, sachita kanthu pa vairasi.

Wamkulu wa mavairasi onsewa ndi rotavirus. Anaoneka koyamba mwa anthu mu 1973, pamene Ruth Bishop ndi anzake pa chipatala cha Royal Children's Hospital mumzinda wa Melbourne ku Australia ankayeza tizidutswa ta matumbo a ana odwala. Katemera asanabwere, pafupifupi mwana aliyense padziko lapansi, wa ku Ndirande ngakhalenso wa ku London, ankadwalapo asanakwanitse zaka zisanu. Anthu ambiri amaganiza kuti kutsekula m'mimba ndi matenda a nthawi ya mvula, ndipo kwa kolera nzoonadi. Koma rotavirus ku Malawi amapezeka chaka chonse, ndipo amachuluka m'miyezi yopanda mvula, kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala. Amene amawagwira mwamphamvu ndi ana osakwana chaka chimodzi.

Mmene amavulazira mwana ndi motere. M'kati mwa matumbo aang'ono muli timinofu tambirimbiri totuluka ngati ubweya wa thaulo, ndipo ntchito yake ndi kuyamwa madzi ndi chakudya kuti zilowe m'magazi. Rotavirus amawononga maselo a kunsonga kwa timinofuti, ndiye zimene mwana wadya ndi kumwa zimangodutsa. Kuwonjezera apo, kachiromboka kamatulutsa poizoni wochititsa matumbo kukhuthula madzi ochokera m'thupi. Pakapita masiku awiri chilowereni kachiromboka, mwana amayamba kusanza ndi kutentha thupi, kenako kumabwera kutsekula kwa madzi okhaokha, kumene kumatenga masiku atatu mpaka asanu ndi atatu. Thupi limameretsa lokha maselo atsopano ndipo limagonjetsa lokha kachiromboka. Ntchito ya makolo ndi kuonetsetsa kuti madzi asathe m'thupi la mwana masiku amenewa asanadutse.

Wachiwiri ndi norovirus, amene anadziwika pambuyo pa mliri umene unagwa pa sukulu ina m'tauni ya Norwalk ku Ohio, m'dziko la America, mu 1968. Ameneyu sasankha msinkhu. Mukaona kuti lero wadwala mwana, mawa mkulu wake, mkuja mayi ndi agogo, onse akusanza, kawirikawiri amakhala norovirus. Amayamba mwadzidzidzi, patangodutsa maola 12 mpaka 48 munthu atatenga kachiromboka, ndipo amatha pa tsiku limodzi mpaka atatu. Amafala mosavuta kwambiri, ngakhale kudzera m'timadontho ta masanzi, ndipo alibe katemera. Ku America, katemera wa rotavirus atafalikira, norovirus ndiye anakhala patsogolo pa mavairasi ofikitsa ana kuchipatala ndi matenda a m'mimba.

Palinso adenovirus wa mtundu wa 40 ndi 41. Kutsekula kwake sikukhala kwamphamvu ngati kwa rotavirus, koma kumakakamira, mwina sabata yathunthu kapena masabata awiri, ndipo kumaondetsa mwana. Astrovirus ndi sapovirus nawonso amagwira ana aang'ono, koma nthawi zambiri matenda awo amakhala ocheperako mphamvu.

Simungathe kudziwa ndi maso kuti mwana wanu wagwidwa ndi uti mwa amenewa, ndipo ngakhale kuchipatala kawirikawiri sayeza, chifukwa chisamaliro chake nchimodzimodzi. Onsewa alibe mankhwala owapha, ndipo onse amayenda njira imodzi: kuchoka m'chimbudzi kapena m'masanzi a wodwala, kudzera m'manja, m'ziwiya, m'zoseweretsa, m'chakudya kapena m'madzi, nkukalowa m'kamwa mwa mwana wina.

Za mano, liwombo ndi tsempho

Mawu amene amachedwetsa ana ambiri ndi akuti, "Musadandaule, ndi mano amenewo." Akuluakulu amene amanena zimenezi anaona zoona, chifukwa ana ambiri amayambadi kutsekula m'mimba pa nthawi yomera mano. Koma taonani zina zimene zimachitika pa msinkhu womwewo wa miyezi isanu ndi umodzi kupita m'tsogolo. Chitetezo chimene mwana anabadwa nacho kuchokera kwa mayi ake chimakhala chikuchepa. Wayamba phala. Wayamba kukhala pansi ndi kukwawa, ndipo usinini ukamanyerenyetsa amaika m'kamwa chilichonse chimene watola. Dzino silitsekula m'mimba, chimene chalowa ndi kachirombo. Ndipo madzi amene mwana womera mano akutaya ndi ofanana ndi amene mwana wina aliyense amataya.

Liwombo likalowa, ambiri amathamangira kukapeza mankhwala omata pamutu. Liwombo limalowa chifukwa madzi achepa m'thupi, monga momwe maso amalowera. Mukamumwetsa mwana mokwanira limadzaza lokha. Mwana amene liwombo lalowa wafika kale poyenera kuonedwa ndi achipatala, ndipo tsiku limene lingathere pofunafuna mankhwala omata lingakhale tsiku lomwe akanapulumukira.

M'mabanja ena mwana akadwala motere pamabuka nkhani ya tsempho, mpaka kulozana zala. Nkhani zapabanja zili ndi eni ake ozikamba, ndipo zikhoza kudikira. Mwana sangadikire. Pamene akuluakulu akukambirana, kapu ndi supuni zikhale zili m'manja mwa wina. Chimodzimodzinso mayi amene watenga pakati mwana akadali kubere: mkaka wake sunawonongeke, ndipo kumuletsa mwana bere pa nthawi imene akutsekula m'mimba nkumulanda chinthu chomwe chikumusunga.

Thanzi ORS: yambani pa chimbudzi choyamba

Musadikire kuti mwana afooke. Akangotulutsa chimbudzi chamadzi, yambani kubwezera madziwo. Achipatala amati mwana akutsekula m'mimba akachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposerapo pa tsiku, koma palibe cholakwa kuyamba msanga.

ORS, amene ambiri timamudziwa ndi dzina la Thanzi, ndi shuga ndi michere zosakanizidwa pa mlingo woyenera. Mphamvu yake ili pa mlingowo. Ngakhale matumbo atavulala, amakhalabe ndi njira yolowetsera mchere pamodzi ndi shuga, ndipo ziwirizi zikamalowa zimakoka madzi kulowa nawo m'magazi. Madzi okha alibe michere imene mwana akutaya. Mu 1971, pa nthawi ya nkhondo ya ku Bangladesh, dokotala wina wa ku India, Dilip Mahalanabis, ataona kuti madzi a dripi atha mu msasa wa anthu othawa kwawo kumene kunabuka kolera, anayamba kumwetsa odwala madzi a shuga ndi mchere mothandizidwa ndi abale awo. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 alionse kufika pa anthu osakwana anayi. Mankhwala a mtundu umenewu ndi omwe ali m'kapaketi kamene mumalandira kwa alangizi a zaumoyo.

Sambani m'manja ndi sopo. Werengani pa paketi kuchuluka kwa madzi ofunika. Mapaketi ambiri ndi a lita imodzi, imene ndi mabotolo awiri a 500 ml. Madziwo akhale owiritsa ndi kuziziritsa, kapena othira WaterGuard. Thirani ufa wonse wa m'paketi, osati theka, ndi kutakasa mpaka usungunuke. Musachepetse madzi poganiza kuti mankhwala akhala amphamvu, chifukwa mchere ukachuluka umavulaza mwana. Musawonjezere shuga kapena Sobo kuti akome. Vundikirani, ndipo otsala akatha maola 24 muwataye nkusungunula ena.

Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe 50 mpaka 100 ml nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, ndiye kuti kota kapena theka la kapu yaikulu. Wa zaka ziwiri kupita m'tsogolo amwe 100 mpaka 200 ml. Akafuna zambiri, mupatseni.

Pamene makolo ambiri amagwa ulesi ndi pa kusanza. Amamwetsa theka la kapu nthawi imodzi, mwana nkubweza zonse, iwo nkunena kuti Thanzi wamukana. Chitani motere. Mukhazikeni pamiyendo panu, mutu utadzuka, osati chogona. Tungani supuni yaing'ono imodzi, ikani m'mbali mwa kamwa, ameze. Dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, mupatseninso ina. Akasanza, pukutani, dikirani mphindi khumi, kenako yambiraninso pang'onopang'ono kuposa poyamba. Ngakhale akusanza, zambiri mwa zimene wameza zimatsalira m'mimba. Ndi ntchito yotopetsa, makamaka usiku, ndipo si ya mayi yekha. Bambo agwire nyali, alandire supuni, mayi atsinzineko.

Ngati m'nyumba mulibe paketi ndipo kwada, sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Lawani kaye: mchere wake usapose wa misozi. Izi nzongogwirizira mpaka mutapeza paketi, chifukwa ORS ali ndi michere ina imene mulibe mu mchere wa kukhitchini. Madzi a mpunga wophika ndi phala lamadzimadzi nazonso zimathandiza. Nkwabwino kusungiratu mapaketi awiri kapena atatu m'nyumba mwana asanadwale.

Zinki, bere ndi chakudya

Kuyambira mu 2004, mabungwe a WHO ndi UNICEF amalangiza kuti mwana wotsekula m'mimba azilandira zinki pamodzi ndi ORS. Zinki amathandiza matumbo kupola msanga, amafupikitsa matenda, ndipo amachepetsa mpata wodwalanso m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Mwana wa miyezi isanu ndi umodzi kupita m'tsogolo amamwa piritsi limodzi la 20 mg pa tsiku, wocheperapo amamwa theka, kwa masiku 10 mpaka 14 monga mwauzidwira kuchipatala. Piritsili limasungunuka pa supuni ndi timadzi pang'ono kapena mkaka wa m'mawere. Mwana akachira pa tsiku lachitatu musasiye. Malizani masiku onse, chifukwa chitetezo cha m'tsogolo chija chimachokera pa kumaliza.

Bere lisaleke. Muyamwitseni pafupipafupi ndiponso motalikitsa kuposa masiku onse. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi amene akuyamwa mwakathithi apatsidwe bere ndi ORS, osati phala kapena tiyi.

Mwana amene anayamba kale kudya apitirize kudya. Maganizo akuti m'mimba mupume amangoondetsa mwana, pamene matumbo amapola msanga akamalandira chakudya. Mupatseni pang'onopang'ono koma kambirimbiri: phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena kasupuni ka mafuta ophikira, Likuni Phala, nthochi yakupsa yokanya, mbatata yophika, dzira, nsomba yochotsa minga.

Fanta, Coca-Cola, Sobo, majuwisi a m'mabotolo ndi tiyi wa shuga wambiri musamupatse. Shuga wochuluka wopanda mchere amakoka madzi kulowa m'matumbo, ndipo kutsekula kumawonjezeka. Mankhwala oimitsa m'mimba monga Imodium ndi oopsa kwa ana aang'ono: amaumitsa matumbo, mimba nkutupa, madzi nkumatayikirabe m'kati momwemo osaoneka. Ndipo pa Bactrim ndi Flagyl wogula pa golosale tinene mosabisa: ndalama imeneyo ikanagula Thanzi kapena kulipira kabaza. Mankhwalawa sapha vairasi, amatha kuwonjezera kusanza, amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo, ndipo akamwedwa mwachisawawa amaleka kugwira ntchito pa tsiku limene adzafunikedi. Choipitsitsa nchakuti amakhazika mtima wa makolo pansi, kuganiza kuti mwana walandira chithandizo pamene madzi akupitirira kutha.

Nthawi yonyamuka

Mwana amene akusewera, akumwa, akuyamwa ndi kukodza monga mwa masiku onse angathe kusamalidwa pakhomo, mutauzako mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, amene amasunga ORS ndi zinki pa kiliniki ya m'mudzi.

Muyang'aneni maso, ngati alowa. Onani ngati akulira popanda misozi, ngati m'kamwa mwauma, ngati akumwa mwaphuma ndi kulirira kapu mukaichotsa, ngati akungovutavuta osatonthola. Gwirani khungu la pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, osati ndi zikhadabo. Likokeni pang'ono nkulisiya. Khungu la mwana amene ali ndi madzi okwanira limabwerera nthawi yomweyo. Likatsala litaima kwa kanthawi, madzi achepa. Mukaona ziwiri mwa zizindikiro zimenezi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Koma pali zizindikiro zimene sizidikira kuti kuche. Mwana akalephera kumwa kapena kuyamwa, akamasanza chilichonse chimene wameza, akalefuka moti sakudzuka bwino mukamugwedeza, akakomoka, manja ndi mapazi zikazizira, akatha theka la tsiku osakodza, kapena khungu lija likatenga nthawi yoposa masekondi awiri kuti libwerere, nyamukani ngakhale pakati pa usiku. Mwana amene amalira usiku wonse kenako nkungokhala chete osafunanso bere musamuyese kuti wapeza bwino. Kukhala chete kotero nkoopsa kuposa kulira.

Nyamukaninso msanga mukaona magazi m'chimbudzi, masanzi obiriwira, mimba yotupa ndi youma, kapena chimbudzi chochuluka choyera ngati madzi otsukira mpunga, chimene chingakhale kolera. Khanda losakwana miyezi iwiri, mwana wonyentchera kapena wotupa mapazi, ndi mwana amene ali ndi HIV asasungidwe pakhomo. Thupi likatentha, mwana ayezedwe malungo, chifukwa malungo nawonso amabwera ndi kusanza ndi kutsekula m'mimba.

Ponyamuka tengani kabuku kake ka kuchipatala, matewera kapena nsalu zosinthira, ndi ORS m'botolo loyera. M'njira muzimumwetsabe ndi kumuyamwitsa ngati akutha kumeza. Mwana amene wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa.

Zimene mukapeze kuchipatala

Ana odwala saonedwa potsata amene wafika poyamba. M'zipatala muli njira yotchedwa ETAT, yoyang'ana mwana aliyense akangofika nkusankha amene ali pangozi kuti athandizidwe nthawi yomweyo. Njirayi inakula kwambiri ndi ntchito ya Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake pa chipatala cha Queen Elizabeth, cha Gulupu, mumzinda wa Blantyre, ndipo lero ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Choncho ngati mwana wanu ali ndi chizindikiro choopsa, musakhale phee kumapeto kwa mzere chifukwa cha ulemu. Pitani kwa namwino munene momveka: "Pepani amayi, mwanayu sakumwa, akungogona." Mawu amenewa achipatala amawadziwa kulemera kwake.

Adzakufunsani kuti matenda ayamba liti, wachita chimbudzi kangati, muli magazi kapena ayi, wakodza liti komaliza, ndiponso mwamupatsa chiyani. Nenani zonse, ngakhale mankhwala a pa golosale kapena achikuda, chifukwa zimawathandiza kudziwa chochita. Adzamuyeza kulemera, kutentha kwa thupi ndi malungo, ndipo ngati walefuka adzayezanso shuga wa m'magazi, amene amatsika mwana akakhala osadya.

Ngati madzi achepa koma mwana akutha kumwa, adzakukhazikani pambali ndi kapu ndi supuni kwa maola anayi. Mlingo wake ndi 75 ml pa kilogalamu iliyonse, ndiye kuti mwana wolemera makilogalamu 8 amwe 600 ml. Makolo ena amakhumudwa, amati tayenda mtunda wonsewu kudzangolandira zomwe tinazisiya kunyumba, bwanji osamuika dripi kapena kumubaya jakisoni. Kwa mwana amene akumeza, ORS amagwira ntchito mofanana ndi dripi, ndipo alibe zovuta za singano. Kusiyana kwake ndi kunyumba ndi mlingo, ndiponso maso a namwino amene akumuonanso pakatha maola anayiwo. Akamakana kumwa, amatha kumulowetsa kachubu kopyapyala m'mphuno kokafika m'mimba, nkumadutsitsa ORS mmenemo. Kachubuka si chizindikiro chakuti mwana watayika, ndipo sikamulepheretsa kupuma.

Dripi ndi ya mwana amene madzi atheratu. Amamuika madzi otchedwa Ringer's lactate, 100 ml pa kilogalamu iliyonse, kwa maola asanu ndi limodzi ngati sanakwane chaka, kapena maola atatu ngati ndi wamkulupo. Mitsempha ya mwana wotere imafota, ndiye musadabwe akamafufuza pamutu kapena pamwendo, mwinanso kulowetsa singano m'fupa la msongolo. Ndi njira yodziwika ndipo yapulumutsa ana ambiri. Musasinthe nokha kathamangidwe ka dripi. Mwana wonyentchera kwambiri amasamalidwa mosiyana, chifukwa mtima wake ndi wofooka ndipo madzi othamanga angamuvulaze. Iye amapatsidwa pang'onopang'ono madzi apadera otchedwa ReSoMal.

Mukatuluka ndi ORS ndi zinki zokha, popanda mankhwala opha mabakiteriya, simunanyozedwe. Chimenecho ndicho chithandizo choyenera cha matenda a vairasi. Mankhwala enawo amaperekedwa pa kamwazi, pa kolera, kapena mwana akapezeka ndi matenda ena monga chibayo.

Katemera wa rotavirus

Dziko la Malawi linayamba kupereka katemera wa rotavirus pa 29 Okutobala 2012. Ndi wodonthezera m'kamwa, ndipo anaikidwa pa masabata 6 ndi masabata 10, pa ulendo womwewo wa kusikelo umene mwana amalandira akatemera ena. Zambia inafalitsa katemerayu m'dziko lonse mu 2013, Zimbabwe mu 2014, ndipo Mozambique mu 2015.

Zotsatira zake zinaoneka msanga. Pa chipatala cha Gulupu, m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ya 2012, theka la ana ogonekedwa ndi matenda otsekula m'mimba linapezeka ndi rotavirus. M'miyezi yomweyo ya 2014 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa ana 31 mwa 100 alionse. Kafukufuku wina wa m'boma la Mchinji anaonetsa kuti katemerayu anachepetsa imfa za makanda zobwera ndi kutsekula m'mimba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Tinene zoona zonse. Katemerayu sateteza kwathunthu, ndipo kuno kwathu mphamvu yake ndi yocheperako poyerekeza ndi maiko olemera. Satetezanso ku norovirus, adenovirus kapena kolera. Mwana wolandira katemera angathe kutsekulabe m'mimba, ndipo izi sizitanthauza kuti katemera anali wachabe. Chimene amachita ndi kuchepetsa matenda aakulu aja ofikitsa mwana pa dripi. Tsegulani kabuku ka mwana wanu muone ngati analandira kawiri. Ngati tsiku linadutsa, musagamule nokha kuti mwachedwa, pitani nako kusikelo akakuuzeni.

Kuteteza ena onse m'nyumba

Madzi aukhondo ndi ofunika, koma paokha saletsa rotavirus ndi norovirus, chifukwa mavairasiwa amayenda kwambiri ndi manja. Amakhala amoyo m'manja kwa maola, ndipo pa ziwiya, pa mphasa ndi pa zitseko amatha masiku. Chimbudzi cha mwana chimene ambiri amachiyesa chosaopsa ndicho chodzaza ndi tizirombo, ndipo mwana amapitiriza kutitulutsa kwa masiku angapo atachira.

Chimbudzi cha mwana chitayidwe m'chimbudzi, osati kuseri kwa nyumba kapena kudzala. Matewera ansalu achapidwe paokha ndi sopo, kutali ndi chitsime kapena mjigo, madzi ake atayidwe m'chimbudzi, ndipo ayanikidwe padzuwa. Pamene mwana wasanzira pakolopedwe ndi madzi othira Jik kapena klorini. Mukatha zonsezi sambani m'manja ndi sopo pa madzi othira kapena pa mpondagiya, osati m'beseni losambamo anthu onse, ndipo muteronso musanakonze chakudya, musanamudyetse mwana ndi musanamuyamwitse. Manja a mwanayo nawonso asambitsidwe. Mankhwala opaka m'manja amene tinazolowera pa nthawi ya Covid-19 sagwira bwino norovirus, sopo ndi madzi ndizo zimamuchotsa.

Mwana wodwala akhale ndi kapu ndi supuni yakeyake, ndipo asapite ku sukulu ya mkombaphala mpaka patadutsa masiku awiri chisiyireni kusanza ndi kutsekula. Munthu wamkulu amene wadwala asaphikire banja mpaka patadutsanso masiku awiri. Mabotolo oyamwitsira ndi ovuta kutsuka, kapu ndi yabwino kuposa botolo.

Mwana akachira amakhala atataya thupi. Muwonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri, ndipo mupite naye kusikelo akamuyeze ngati wabwerera pa mzere wake. Ena amatsekulabe pang'ono akamwa mkaka wa ng'ombe kapena wa m'chitini, chifukwa matumbo sanapole bwino. Izi zimatha zokha, ndipo bere lisaleke chifukwa cha zimenezi. Koma kutsekula kukafika masiku 14, ngakhale kukhale kwapang'ono, bwererani naye kuchipatala akamuyeze za kunyentchera, HIV ndi matenda ena.